Mbale ya Mwaye

Zaka makumi anayi sindinagwirepo mthiko.
Ndinkadziwa masipoko, mabuleki, tcheni cha njinga,
manja anga ankanunkha girizi basi,
kukhitchini ndinkangosuzumira ngati mlendo wofunsa njira.
Ndiye Ernesta, tsiku lomwe tinkamukweza chapa ya ku Tete,
ali chigonere pampando wakumbuyo,
sananene za munda wa mbatatesi,
sananene za ngongole ya kwa Faustino.
Anandigwira mkono nati:
"Mwaye musamamuthirire mchere."

Anabwerako ali m'bokosi.

Anamalira atabalalika
tinatsala awiri pakhonde, ine ndi mphaka wakudayo,
kupewana maso ngati mkamwini ndi apongozi.
Ndinamuponyera mkute. Ananunkhiza, nachoka.
Ndinamuikira ndiwo zotsala, za anyezi ndi tomato,
iye n'kukanda dothi pambali pa mbale
monga achitira akamakwirira zake.
Chipongwe chotere, pakhomo panga!

Tsiku lachinayi nthiti zake zinayamba kuwerengeka.
Zanganso.

Ndinalawirira kumsika wa Ulongwe,
chisanu cha Juni chikuluma makutu.
Ndinagula kapenta wa ku Songo, kamulu kamodzi,
ndi chiwindi cha nkhuku kwa mtsikana wa duku lofiira
amene anafunsa: "Kwabwera alendo, atate?"
Ndinati eya.

Kapenta amanyikidwa kaye, ndaphunzira tsopano,
madzi n'kutaya kawiri, mchere wa asodzi usukuluke.
Chiwindi chiwire chokha,
popanda mafuta, popanda tsabola, anyezi asayandikire.
Kachibenthu ka dzungu, kosaposa chala chachikulu.
Zonse ndimasinja m'kamtondo kake ka nsinjiro,
kaja kali ndi mng'alu umene ndinkati ndidzamata mawa.
Kenako zizizire.
Tsiku loyamba ndinamupatsa zamoto,
anapukusa mutu, nanditukwana ndi maso achikasuwo
mpaka ndinapepesa.

Loweruka ndimaswa dzira,
kusakaniza ndi fumbi la kapenta lotsalira pansi pa jumbo,
kuumba timibulu tonga masau
n'kuumitsa pachiwaya makala akayamba kufooka.
Oyamba anapserera, achiwiri anamwazika,
achitatu nkhuku za eni zinandithandiza.
Tsopano ndimasunga m'chitini cha mkaka pamwamba pa kabati.
Chivindikiro chikangoti kwe!
uyo, watulukira, mchira uli njo,
ngakhale anali kuseri kwa nkhokwe yachitatu.

Faustino amaseka atatsamira mpanda:
"Kale mphaka ankadzisakira makoswe, akulu,
lero walemba khukhi wa imvi!
Mawa mudzamuyeza nsapato."
Sindimuyankha.
Ndingamuuze bwanji
kuti ndikayatsa mbaula chifukwa cha kanyamaka
ndimatereka ndi mphika wanga womwe,
kuti moto usapite pachabe?
Kuti ndinayambiranso kutafuna
chifukwa chochita manyazi kungoonerera?

Mwana wanga wa ku Moatize anaimba foni,
akuti m'sitolo zakumeneko muli chakudya cha amphaka,
cham'matumba, chokhala ndi chithunzi,
atumiza ndi dalaivala mwezi ukatha.
Ndinati usavutike, sangachidye.
Linali bodza. Mwina angachidye.
Koma ine m'mawa ndizidzadzukira chiyani?

Madzulo malole a mbatatesi akamabuula pamtunda,
Mwaye amakankha mbale ndi lilime
kuchokera pakhomo mpaka kutsinde kwa pichesi,
nkhwe, nkhwe, nkhwe pasimenti, kenako padothi.
Akatha amasamba kumaso mosafulumira
n'kukadzipinda pakapulana yobiriwira ija
imene sindinaichapebe.

Dzulo ndili pamtondo, maganizo ali kwina,
dzanja linapita lokha ku kambale ka mchere.
Ndinatapa ndithu.
Linaima m'malere.
Ndinabweza pang'onopang'ono, ndinasasa zala pabuluku.
"Ndamva, Ernesta," ndinatero mokweza,
m'nyumba mopanda munthu.

Mwaye anatembenuza khutu limodzi,
napitiriza kudikira.